Masentimita Asanu ndi Awiri a Lusungu

LOLEMBA

6:10 m'mawa. Kamvula kowaza, monga mwa masiku onse kuno ku Kaning'ina. Nkhuku 11, zonse zilipo. Mazira 4.

Nkhani ndiilembe mwadongosolo, kuti mawa ndi mkuja wina asadzandinamizire.

Ndagulira mdzukulu wanga Lusungu njinga. Yofiira, ya kaunjika koma yolimba, belu lake likulira bwino. Lusungu ali ndi zaka 6 ndi miyezi 4, ndipo ali kuno kwa ine tchuthi chonse. Njingayo ndagula yokulirapo pang'ono, mwadala. Chinthu cha mwana umagula choti akuliremo. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndalera ana anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anavalapo yunifolomu yomukwana tsiku loyamba. Onse ali moyo.

Dzulo kunabwera mwana wanga Madalitso, bambo ake a Lusungu, ndi mkazi wake NyaGondwe, kuchokera kwawo ku Katawa. Lusungu anakwera kuti aonetse. Miyendo ili lende, zala zakumapazi zikufunafuna dothi.

NyaGondwe ndi namwino, ndipo anamwino amaona mkono wothyoka paliponse. Mawu ake: "Amama, yewo chomene, njinga ndi yabwino. Koma mwana akakhala pa chishalo, mapazi onse awiri aziponda pansi, ndi zidendene zomwe. Apo ayi, sakwera."

Mawu a Madalitso: "Tibweranso Lamulungu tikatuluka kutchalitchi. Ikakhala kuti ikadali yaikulu, tikapereka kwa Tawonga. Lusungu tidzamuonera ina." Tawonga ndi mwana wa mchimwene wake wa NyaGondwe, mtsikana wa zaka 9.

"Tidzamuonera ina." Mawu amenewa ndikuwadziwa. Madalitso anayamba kundionera fuliji ina zaka zitatu zapitazo, ndipo akuonabe.

Lusungu sanalire. Anangotenga nsalu yanga yopukutira mbale n'kuyamba kupukuta masipoko, imodziimodzi. Ndinamulonjeza kuti njinga iyi sichoka pano.

7:30. Zoyeza, ndi tepi yanga yosokera, chilichonse kawiri:

Kuchokera pa chishalo kufika pansi: masentimita 61.
Mwendo wa Lusungu, cham'kati, atavala nsapato za kusukulu: 54.
Kusiyana: 7.

Asanu ndi awiri okha. Chala changa chamkombaphala ndi 7 ndi theka. Banja lonse likufuna kulanda mwana njinga chifukwa cha kanthu kosafika chala!

Palakwika pati? Pa chitseko cha kuchipinda pali mizere 19 ya msinkhu wa Lusungu, ndipo ndinawerengera bwinobwino pomwe akanafika mwezi uno. Wafikadi. Koma wakula msana ndi khosi. Kwathu kulibe miyendo yaifupi. Sindikutchula munthu.

Masiku ogwira ntchito: 6. Ndiye kuti sentimita imodzi ndi kanyenyeswa pa tsiku. Zamasewera.

10:00. M'bokosi la zida la malemu mwamuna wanga muli masipanala 9. Yofunikayo mulibe. Ndabwereka kwa Che Amidu, a golosale ya kuseri kwa mpanda wanga, anthu a ku Machinga, aulemu koma okonda ndemanga. "Madamu, mwana amakula yekha, musamuthamangitse." Ndathokoza chifukwa cha sipanala.

Ndamasula bawuti, mapotokolo 5. Chishalo chatsika masentimita 2, chaima pa kagalasi kofiira ka kumbuyo.

Zotsala: 5. Ndadutsa kale muyeso wa lero. Lachinayi ndikhala nditamaliza, Lachisanu ndichapa makatani.

LACHIWIRI

Nkhuku 11. Mazira 5.

8:00. Kagalasi kofiira kachoka. Lusungu sayenda usiku, sakufunika kuwala kumbuyo. Timanati take tomangira tinali tiwiri, kamodzi ndasunga m'kachitini, kachiwiri katoledwa ndi nkhuku yoyera, yathawa nako kuseri kwa nthochi. Sindikuthamangitsa nkhuku pa msinkhu wanga. Ndidikira.

Chishalo chatsikanso sentimita imodzi, kenako chakana. Chitsulo chogwira chishalo chikugunda china chake m'kati mwa felemu. Ndamenya pamwamba ndi chikhatho katatu, ndi munsi wa mtondo kawiri. Osasuntha.

Zotsala: 4.

Yunifolomu umaipinda mpendero. Vuto la njinga ndi lakuti ilibe mpendero.

11:20. Ndikumwa tiyi pakhonde, ndikuyang'ana matayala. Onenepa, odzaza mpweya. Mpweya ndi chiyani? Ndi msinkhu waulere umene sitikuufuna. Ndadina valavu ndi chipini cha tsitsi, ndikuwerenga. Masekondi 4 aliwonse njinga ikutsika theka la sentimita. Masekondi 12 kutsogolo, 12 kumbuyo.

Zotsala: 2 ndi theka. Lachiwiri lokha!

Lusungu akuti, "Agogo, matayala akuoneka ngati ali ndi njala." Ndamuuza kuti akupuma.

2:00 masana. Kuyesa. Lusungu pa chishalo, ine ndagwira kaliya kumbuyo, ndikuthamanga. Zaka 68, masitepe 23. Pa sitepe ya 24 tayala lakumbuyo laponda mwala wa pampopi. Kaphokoso kochepa ngati ka mphaka woyetsemula. Chubu chaboka.

Ndayezabe, chifukwa kuyeza sikulakwa. Tayala litaphwa, kusiyana kwatsala theka la sentimita. Ndakhala mphindi zitatu ndikuyang'ana nambala imeneyi. Koma ayi. Njinga yosayenda si njinga, ndi mpando. Ine sindinapatsepo mwana malikisi pa yankho lokopera, sindiyamba ndi ine mwini.

Pampu ya Che Amidu: ndapopa ka 60. Mpweya ukulowa uku, ukutuluka uku, ngati malangizo kwa Madalitso. Che Amidu aima pampanda, manja kumbuyo. Lero ndemanga palibe. Ndikanakonda akananena.

Mawa kumsika kwa okonza njinga. Chubu chimatidwe, mpweya ubwerere, tibwerere pa 4. Kubwerera m'mbuyo sitepe imodzi kunali kale m'mapulani, ngakhale sindinakulembe.

Kanati kotoledwa ndi nkhuku kaja sikanaonekebe.

LACHITATU

Nkhuku 11. Mazira 3. Yoyera sinaikire.

9:15. Minibasi yopita m'tauni. Njinga kumbuyo, chitseko chomangidwa ndi chingwe, Lusungu pamiyendo panga, khosi lake lalitalilo litapotokera kumbuyo ulendo wonse kuti aone ngati ikadalipo. Anthu 18 pa mipando ya anthu 14. Ndamuuza kondakitala. Akuti, "Ndiye tsikani inuyo, agogo, titsale 17."

Wokonza njinga ali kuseri kwa msika, pansi pa chipepala chabuluu, pakati pa anyamata a kabaza. Bambo wachikulire, magalasi omangidwa ndi waya. "Mwawuka uli, amama?" Ndayankha kuti tawuka makola. Zaka 31 mu Mzuzu muno, Chitumbuka changa chimathera pomwepo, koma ndimachinena molimba mtima.

Ndamufunsa ngati pali njira yofupikitsira njinga. Wayang'ana njinga, wayang'ana Lusungu. "Amama, njinga ilibe mlandu. Mwanayu ndiye muzimudyetsa."

Ndamusiyira pepala la malangizo, zilembo zazikulu:

1. Matani chubu chakumbuyo.
2. Musachite china chilichonse.

Walipinda mwaulemu, waliika m'thumba la malaya. Ife tapita kogula nyemba ndi singano. Mphindi 35.

Pobwera, njinga sindinaizindikire. Chubu wamata, inde. Matayala wapopa ngati akukanyamula matumba a makala. Ndipo pa chishalo wavekapo khushoni ngati za akabaza: yofiira, yonenepa, mphonje zachikasu kuzungulira, yomangidwa pansi ndi mphira.

"Basela, amama. Kamwana kokongola chomene, kasakhale pouma."

Ndamukumbutsa za nambala 2. Akuti anawerenga, koma basela si ntchito, ndi mphatso. Anyamata a kabaza onse avomereza. Mmodzi waliza belu.

Basela sakanidwa, izi ndikudziwa. Ndimati ndikachotse kunyumba mwakachetechete. Koma Lusungu anali atagoneka kale tsaya pa khushoniyo, maso otseka, akuwerenga mphonje ndi zala. Wawerenga 40 osalakwitsa. Magazi ndi magazi.

1:40 masana, kunyumba. Khushoni ndi yokhuthala masentimita 2, mwana atakhalapo. Ndamufotokozera pa pepala kuti ikutibweza m'mbuyo. Wamvetsa bwino masamu ake. Yankho: "Mukachotsa, agogo, sindidya nyemba."

Zotsala: 6.

Masiku atatu a ntchito, phindu sentimita imodzi. Wina angataye mtima. Koma tsopano ndikudziwa zinthu zitatu zosagwira ntchito, zimene Lolemba sindinkazidziwa. Makatani adikire.

LACHINAYI

Nkhuku 11. Mazira 4, awiri ndaphikira Lusungu.

Ganizo latsopano, ndipo ndikudabwa kuti landitengera masiku atatu. Kuchotsera kuli ndi mbali ziwiri. 60 akakana kutsika, 54 akwere.

Njira zotalikitsira mwana:

a) Chakudya. Mazira, mkaka, nyemba. Chimagwira, koma osati pofika Lamulungu.
b) Kulendewera pa nthambi ya mtengo wa mapeyala. Tayesa mphindi ziwiri. Chimatalika ndi mikono.
c) Kuyeza m'mawa. Munthu amadzuka ali wamtaliko kuposa mmene anagonera. Izi tinaphunzira kukoleji.
d) Nsapato.

5:50. Ndamudzutsa, ndamuimika pa chitseko akusinza. Zoona, watalika pafupifupi sentimita yathunthu! Ndayeza mwendo. 54. Zonse zapitanso kumsana. Mwana uyu akukula ngati nsungwi yodzalidwa pa mpando.

Yatsala (d).

9:30. Wosoka nsapato wa pansi pa mtengo pa siteji. Ndamupatsa nsapato za kusukulu za Lusungu ndi mapeya atatu a mapatapata akale a m'nyumba muno. Adule, asanjikize pansi pa nsapato, mizere itatu, uliwonse sentimita imodzi. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwendo wina ndi waufupi, mama?"

"Yonse iwiri."

Akuti kuti zilimbe ayenera kusoka ndi ulusi, ndipo angamalize Lolemba. Ndati guluu yekha akwana. Nsapatozi zigwire ntchito mphindi zisanu zokha Lamulungu. Akuti guluu ameneyu sagwirizana ndi madzi. Ndamuuza kuti mwana sakukasambira.

12:10. Zatheka. Pansi pa nsapato pali mzere wabuluu, wobiriwira, ndi wina wabuluu. Ndapaka polishi wakuda kawiri. Munthu ataima patali mamita atatu sangadziwe, ngati sakuyang'ana kumapazi.

Lusungu akuyenda ngati kakowa m'dambo. Wagwa kamodzi pakhonde, popanda njinga. Akuseka. Akuti tsopano akufika pa shelefu ya shuga. Shuga ndamusamutsa.

Mwendo: 57. Chishalo: 60. Zotsala: 3.

Kodi uku ndi kubera? Ndaganizira mofatsa. NyaGondwe anati mapazi aponde pansi. Za makulidwe a nsapato sananene. Funso likalembedwa moperewera, wolakwa ndi wolemba mayeso, osati mwana.

Bwanji osasanjikiza mizere isanu ndi umodzi n'kumaliza? Ndafunsa. Wosoka nsapato wakana, akuti ali ndi mbiri yoti aiteteze.

4:30. Foni ya Madalitso. "Amayi, zikuyenda?" Ndati zatsala zitatu. "Zitatu chiyani?" Ndati adzaona. Kumbuyo ndikumva NyaGondwe akufunsa ngati mwana akudya masamba. Akudya.

LACHISANU

Nkhuku 11. Mazira 5. Yoyera yaikira, dzira ndi labwinobwino, ndaliswa kuti nditsimikize.

6:40. Ndili kudimba kuseri, ndikupalira nyemba. Khasu m'manja, phazi limodzi pa mzere uwu, lina pa mzere uwo, pakati khwawa. Ndaima. Ndayang'ana pansi.

Njinga yakana kutsika. Mwana wafika pomwe angafike. Koma pali wachitatu pa nkhaniyi amene sanafunsidwe: dothi.

Matayala akayenda m'kangalande kozama masentimita 3, mapazi n'kuponda m'mbali mwake, kusiyana ndi ziro. Anthu a zikwanje ndi masipanala sakanaganiza zimenezi. Pamafunika sukulu.

Zida: khasu laling'ono, chingwe, zikhomo 8, rula yanga yamatabwa ya m'kalasi.
Njira: kuyambira pa mtengo wa mapeyala, kumtunda kwa bwalo, kutsika molunjika mpaka pafupi ndi chitseko cha khitchini. Mamita 14.
M'lifupi: masentimita 8. Kuzama: 3, ndipo ndikuyeza pa mita iliyonse.

Lusungu akunyamula dothi m'kabeseni, akukathira ku nthochi. Maulendo 17.

Che Amidu pampanda: "Madamu, mukudzala chiyani pakati pa bwalo?"

"Njinga."

Aganiza pang'ono. "Bwalo lanuli ndi lotsetsereka. Madzi akaona njira saphonya."

Ndawafotokozera kuti mvula ndimailemba m'kope tsiku lililonse. Sabata ino yonse yagwa yowaza, m'mawa mokha, yosadzaza ndi chivindikiro cha botolo chomwe. Akuti, "Mvula ya Mzuzu simawerenga makope, Madamu." Anthu a malonda amakonda kuopseza.

2:15 masana. Kuyesa kwathunthu. Njinga m'ngalande. Lusungu mu nsapato zake zazitali, pa khushoni yake ya mphonje. Phazi lamanja: pansi. Lamanzere: pansi. Zidendene zonse ziwiri: PANSI. Ndalowetsa pepala kuti ndione ngati lidutsa. Silikudutsa.

Ziro!

Lusungu waliza belu ka 12. Ndamulola.

Wayesa kupalasa. Tayala likakhala m'ngalande silikhota, choncho wagwa kawiri m'mamita 14, pa udzu, popanda magazi. Kupalasa sikuli pa mayeso. Mayeso ndi kukhala ndi kuponda. Lamulungu ndingoyala tiudzu pamwamba pa ngalande, ndiimike njinga pamalo pake alendo asanafike.

Ndamaliza tsiku limodzi nthawi isanakwane. Nsapato ndaziika pakhonde kuti polishi wachitatu aume. Njinga yatsamira mtengo wa mapeyala. Makatani awiri ndanyika.

4:50. Kumbali ya nkhalango kwada pang'ono. Idutsa.

LOWERUKA

Sinadutse.

Nkhuku 11, zonyowa. Mazira sindinayang'ane.

6:00. Khitchini muli madzi ofika m'kakolo. Ofiira. Atsika kuchokera ku mtengo wa mapeyala molunjika ndithu, osakhota ngakhale pang'ono, n'kulowa pansi pa chitseko. Mzere ndinauwongola bwino, zimenezo palibe angatsutse. Ndakapa ndowa 9. Thumba la makala lanyowa, mphasa yayandama.

Ngalande: m'lifupi masentimita 40, kuzama 17 pakati. Njinga itaimamo, Lusungu angaponde pansi ndi mawondo.

Nsapato: mphepo inalowetsa mvula pakhonde. Yamanzere mizere yonse itatu yamatuka. Yamanja watsala umodzi, ukulendewera ngati lilime la galu. Ndauchotsa. Zidutswa ziwiri zabuluu ndazipeza ku geti.

Mwendo: 54. Chishalo: 60. Zotsala: 6. Latsala tsiku limodzi.

Che Amidu afika pampanda ndi ambulera, ayang'ana ngalande, ayang'ana ine. "Mwadzuka bwanji, Madamu?" Basi. Munthu uyu adzalowa kumwamba kwawo mosavuta.

8:30. Zokambirana ndi Lusungu. Khushoni yamwa madzi ngati buledi. Tagwirizana kuti ichoke kaye ikaume pa chingwe, ndipo ibwerera alendo akapita. Wandilumbiritsa. Zotsala: 4.

Yatsala njira imodzi, imene ndakhala ndikuizemba: chitsulo chogwira chishalo. Ngati chikugunda m'kati, chifupike. Ndabwereka sowo yachitsulo kwa Che Amidu. Andipatsa osafunsa, zomwe sindinakonde.

Chitsulo chonse: masentimita 21.
Ndadula 2. Mphindi 25, thukuta. Ndabwezera. Chishalo chatsika theka la sentimita.

Apa ndi masamu a Sitandade 6. Ngati 2 apereka theka, ndiye kuti 4 afuna 16. Ndadula kale 2, atsala 14. Ndalemba mzere ndi choko, ndadula kamodzi, molimba mtima.

Chitsulo chotsala: masentimita 5. Ndabwezera. Chishalo chatsika, chakhala pa felemu penipeni, palibenso koti chipite. Phindu lonse: masentimita 2, osati 4. Masamu anali olondola. Felemu ndiyo inatha msanga.

Vuto lina. Kachitsulo kotsalako ndi kowonda kumtunda, bawuti sikugwira. Chishalo chikuzungulira ngati mpando wa ometa tsitsi. Lusungu wakhalapo, watembenuka, wayang'ana kumbuyo, akuti akukonda. NyaGondwe sangakonde.

2:30 masana. Ndakankha njinga mpaka kwa wowotcherera mageti kumsewu. Masitepe 640. Ndamuuza agwiritse chishalo pamenepo, chisasunthenso.

"Mpaka kalekale, mama?"

"Mpaka mawa."

"Kwa ife kulibe mpaka mawa."

Ndati awotcherere. Madontho anayi a moto. Penti yofiira yapsa kuzungulira. Ndapakapo utoto wa zikhadabo umene NyaGondwe anaiwala kuno.

Chishalo: 56. Mwendo: 54. Zotsala: 2.

Ndayeza katatu. Ndayeza ndi rula. Ndamuveka masokosi atatu, nsapato sizikulowa. 2.

Lusungu akufunsa ngati 2 ndi wamkulu. Ndati zimatengera amene akuyeza. Ndi bodza loyamba limene ndanenera masamu m'moyo wanga.

LAMULUNGU

Nkhuku 11. Mazira 4.

Kutchalitchi ulaliki mphindi 52. Sindinamve mutu wake. Ndimayang'ana miyendo ya ana a m'kwaya.

12:40. Afika atatu: Madalitso, NyaGondwe, ndi Tawonga, atavala kale buluku lokwerera njinga. Miyendo ya Tawonga ndi yaitali ngati mitengo ya magetsi. Ndiye yaifupiyi inachokera mbali iti? Ndayang'ana yanga. Ndasiya nkhaniyo.

Madalitso waima m'mphepete mwa ngalande. "Amayi, mukukoka mapaipi?" Ndati ndi nkhani ina.

Mayeso, pa simenti ya pakhonde, malo osankhidwa ndi NyaGondwe. Lusungu wakwera. Watambasula miyendo mpaka milomo kunjenjemera. Zala zaponda. Zidendene zili m'mwamba. NyaGondwe wagwada ndi chitenje chake cha kutchalitchi, walowetsa chala pansi pa chidendene chamanja, chalowa ndi malo otsala. Sanafune n'komwe tepi, ngakhale ndinamupatsa.

"Amama, mwayesetsa chomene. Koma sizinafike."

Sindinatsutse. NyaGondwe akanakhala wophunzira wanga ndikanamupatsa malikisi onse.

Lusungu watsika yekha. Wapita pa chingwe, watenga khushoni yake yonyowa, waikumbatira, waima kuseri kwa chitseko. Maso anga ndawaika pa tepi, ndikuikulunga pang'onopang'ono.

Tawonga wakwera. Mawondo agunda mahandulo. Madalitso akuti palibe vuto, angokweza chishalo. Watenga sipanala m'galimoto. Wamasula bawuti. Wakoka. Wamasulanso mpaka bawuti yagwa pansi. Wakoka ndi manja awiri, njinga yonse yanyamuka. Wapanira tayala pakati pa miyendo, wapotokola, mtsempha watuluka pamphumi. Kenako wawerama, wakanda ndi chikhadabo, utoto wa mkazi wake wamatuka.

"Amayi. Ndani wawotcherera apa?"

Ndati funso limenelo silinali pa mayeso.

"Simungakwezenso ichi. Ngakhale Lusungu akadzakula, simudzakweza."

Ndati ndikudziwa. Kunena zoona, ndazidziwa nthawi yomweyo pamene amanena.

Tawonga wayesa kupalasa mamita atatu, mawondo ali m'makutu ngati chule. Watsika. "Yewo, ankolo, ine ndidikira ina." Madalitso akuti amuonera. Ndamumvera chisoni mwanayo.

NyaGondwe anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndimaganiza kuti akulira. Atapukuta maso wagamula: njinga itsale, popeza palibenso wina padziko amene ingamukwane. Koma isayende mpaka zidendene zitaponda, ndipo woyeza adzakhala iye, pa simenti, mwana ali wopanda nsapato. Zoti wopanda nsapato wazinena akuyang'ana zidutswa zabuluu zimene ndinaiwala pawindo.

Popanda nsapato, kusiyana ndi 3 ndi theka. Ndi khushoni, imene ndinalumbira kuti ibwerera, 5 ndi theka. Pa liwiro la miyendo ya mwana uyu, ndi miyezi 22. Ikadzamukwana, idzamukwana kwa kanthawi, kenako idzachepa, ndipo palibe chimene aliyense adzachite.

Choncho lonjezo lasungidwa. Sindinakhoze. Ndangowononga mokwanira.

Zotsala kuchita: kukwirira ngalande, kubweza sowo ndi pampu, kupita ndi nsapato kwa wosoka uja n'kupirira nkhope yake.

3:30 masana. Alendo apita. Njinga ndaitsamiritsa pa chipilala cha khonde, ndamanga ndi chitenje kuti isagwe. Khushoni yabwerera, ikadali yonyowa. Lusungu wakhalapo, akupalasa chobwerera m'mbuyo, tcheni chikungolira, njinga ili pomwepo. Akuti wadutsa kale Ekwendeni, akupita ku Karonga kukagula mpunga, ndipo akufunsa ngati ndikufuna kanthu.

Ndamuuza kuti akafika pa mtsetse wa Chiweta atsike, aikankhe. Mabuleki sindinawayeze.